Zoyala m'nsapato ndi ululu wa msana: umboni sunakwane

Mu 2017, magazini ya Archives of Physical Medicine and Rehabilitation inasindikiza kafukufuku wa Cambron ndi anzake wa ku United States. Kafukufukuyu amatchulidwa kawirikawiri ngati umboni woti ma insole, zoyala m'kati mwa nsapato, amachepetsa ululu wa msana wa nthawi yaitali. Anthu 225 amene msana unawawawa kwa miyezi itatu kapena kuposerapo anagawidwa mwamaere m'magulu atatu. Loyamba linapatsidwa zoyala zopangidwa molingana ndi phazi la munthu, lachiwiri linalandira zoyalazo pamodzi ndi chithandizo cha chiropractic, ndipo lachitatu linangodikira. Patatha masabata 6, ovala zoyala anali bwino kuposa odikira.

Vuto lili pa gulu lodikiralo. Munthu amene wapimidwa phazi ndi kupatsidwa chinthu chatsopano amayembekezera kuchira, pomwe wodikira amadziwa kuti sanalandire kanthu. Popeza ululu umayezedwa ndi zonena za wodwala, kusiyana kumeneku pakokha kungasinthe zotsatira. Pakanakhala gulu lovala zoyala zabodza zooneka ngati zenizeni, yankho likanadalirika. Komanso pofika sabata la 12, magulu atatuwo sanalinso osiyana kwenikweni.

Umboni wina sukuthandiza mfundoyi. Kuunika kwa Cochrane kwa 2007 kunapeza kuti zoyala sizipewetsa ululu wa msana, ndipo umboni woti zimachiza unali wochepa. Mu 2016, bungwe la NICE ku Britain linalangiza kuti zisamaperekedwe ngati chithandizo cha msana.

Ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Zoyala zimafuna nsapato zotseka, koma odwala ambiri a kumudzi amalima, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni atavala patapata kapena osavala kalikonse. Ndalama yogulira zoyala ikanatha kulipira thiransipoti yopita kuchipatala.

Azaumoyo ndi mavolontiya ayambe ndi zimene WHO inalimbikitsa mu 2023: kufotokozera wodwala za vuto lake ndi kumuthandiza kuchita masewera olimbitsa thupi, osangogona. Wodwala amene akuonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kufooka miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo atumizidwe kuchipatala msanga. Zizindikiro zotere zingaloze ku TB ya msana kapena kupanikizika kwa mitsempha, ndipo kuchedwa kungamupuwalitse.