A Henry B.J. Phiri ndi luso lotiseketsa pa malo olakwika

Pa positala ya filimu pamakhala nkhope ya mwini nkhani. Koma mu sewelo lililonse muli munthu wina amene dzina lake limalembedwa m'munsi, amene amaonekela mphindi zocepa cabe, koma ndiye amene mumakamba za iye m'basi pobwelela ku Chawama. Nchito yake ni kuvala khalidwe la munthu amene tonse timudziwa: landilodi, kansala, amalume okonda tumowa. Pa osewela a mtundu uwu amene tili nawo mu Zambia, ine ndiona kuti a Henry B.J. Phiri ndiwo ofunika kuwaphunzila bwino, ndipo umboni wanga uli m'mafilimu awili a Rungano Nyoni, mayi wobadwila mu Lusaka amene anakulila ku Wales.

Yoyamba ni I Am Not a Witch, imene inaonetsedwa ku Cannes mu 2017 ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Nkhani yake ni ya Shula, kamtsikana kamene anthu a pamudzi akanamizila ufiti. Akakatenga n'kukaika ku msasa wa amayi ochedwa mfiti, kumene aliyense amamangilidwa lamba woyela wautali kumsana kuti asauluke. Maggie Mulubwa, amene asewela Shula, sakamba zambili. Amene adzaza malo na mau ni a Phiri, monga a Banda, bwana wa m'boma.

Tiyamba kuwaona ali m'bafa, foni ili kukhutu, mkazi wawo akuwasambika. Pamenepo caciziwikile kale kuti munthu uyu anazolowela kucitilidwa zonse. A Banda amatenga Shula kuti azikaloza mbala pa milandu, amalonjeza kuti mwanayo adzagwetsa mvula, mpaka kupita naye pa TV kukatsatsa mazila a dzina lake. Wosewela wosakhwima akanaonetsa a Banda monga cilombo, maso ofiila na mau okalipa. A Phiri amacita zosiyana. Amamwetulila, amanyengelela mwanayo monga tate wokondwela na zotuluka za mayeso, ndipo aoneka kuti iwo eni akhulupilila kuti akumuthandiza. Pamaso pa mfumu yaikazi amadzicepetsa mpaka pansi, koma akatembenukila kwa amayi a ku msasa cifuwa cimatukumuka. Thupi limodzi lomwelo litionetsa mmene mphamvu imayendela: kugwadila wa pamwamba, kupondela wa pansi.

Pamene ndimawatayila kamtengo ni pa pulogilamu ya pa TV ija. Munthu wina atuma foni n'kufunsa ngati Shula si mwana wamba amene afunika kukhala kusukulu. A Banda amayamba kuzungulila-zungulila, kumwetulila kuli pomwepo koma kwauma, ndipo pambali pawo mwana akugwetsa misozi. Woonelela amadzipeza kuti akali kuseka, ndiye manyazi amamugwila. Kuseka kumeneko ndiko msampha wa filimu yonse, ndipo amene amauchela ni a Phiri.

Ngakhale n'telo, pali pamene a Banda amanenepa kwambili. M'zigawo zina nthabwala imakula mpaka munthu amasanduka cidole. Ife a kuno tidziwa kuti ni cipongwe ca dala, pakuti abwana otele timakumana nawo m'maofesi. Koma ndimada nkhawa na woonelela wa ku London, amene angangoseka bwana wonenepa wa ku Africa n'kupita kwawo osaona kuti msampha unali wakenso.

Ndiye cifukwa cake ndimakonda kwambili nchito yawo mu On Becoming a Guinea Fowl ya mu 2024, imene inapatsa Nyoni mphoto ya wotsogolela filimu bwino m'cigawo ca Un Certain Regard ku Cannes. Muno Shula ni mayi wamkulu, ndipo asewela ni Susan Chardy. Usiku wina akucokela ku pate, apeza mtembo wa amalume ake a Fred pa mseu. Atumila foni atate ake, amene ni a Phiri, ndipo m'malo momulimbikitsa, iwo ayamba kupempha kuti awatumizile ndalama. Ndani wa ife ku Matero kapena ku George sanalandileko foni yotele? Timaseka cifukwa mau amenewo tiwadziwa.

Koma malilo akamapitilila, cimaululika kuti a Fred anali kugona ana aakazi a m'banjamo, ndipo akulu-akulu anasankha kukhala cete. Apa kuseka kwa atate aja kumasintha fungo. Ni munthu wosavuta, wokonda kuceza, wosafuna mkangano, ndipo kusafuna mkangano kumeneko ndiko kunasiya ana pa mtetete. A Phiri sakweza mau, sacita nkhope yoopsa. Amangopewa nkhani mofatsa, monga munthu amene akulambalala cithaphwi ca ku Kanyama kuti asadetse nsapato. Nkhanga ya m'dzina la filimu ni mbalame imene imalila kucenjeza zinzake cilombo cikafika. Atate awa ni munthu amene anamva kulila n'kukweza wailesi.

Kasewelo kotele kali na mizu kuno kwathu. Chikwakwa Theatre ya ku UNZA inacotsa masewelo m'nyumba za azungu n'kuwapeleka pabwalo m'zinenelo zathu, gulu la Kanyama Theatre linacokela mu komboni mwenimweni, ndipo makolo athu akali kukumbuka Sauzande na Maximo pa ZNBC. Onsewa anadziwa kuti munthu wa mu Lusaka amameza coonadi mosavuta cikakulungidwa mu nthabwala. Cimene a Phiri aonjezelapo ni kudziwa nthawi yoleka kuseketsa.

Kwa imwe amene mujambula tumasewelo pa foni n'kuika pa Facebook na TikTok, phunzilo lili apa. Ambili mumasewela landilodi mwa kukuwa, cidakwa mwa kudzandila, wapolisi mwa kutambasula dzanja. Zimaseketsa mphindi imodzi, mawa taiwala. Yesani kufunsa kuti landilodi uja amadziona bwanji iye mwini akamagogoda pa citseko pa 1 koloko m'mawa. Mwina nayenso ali na nkhongole ya kaloba. Mwina amakhulupilila kuti ni munthu wacifundo. Mukamusewela monga mmene amadzionela, oonelela adzaseka, kenako adzakhala cete, pakuti adzakhala ataona atate awo, aphunzitsi awo, kapena iwo eni.

Funani mafilimu awiliwa muwaonelele motsatizana. Ulendo woyamba tsatilani Shula. Ulendo waciwili yang'anani munthu amene waimilila pambali pake.