Gabadinho ndi luso lolowera m'kati

Kale wosewera m'mbali tinkamudziwa ndi laimu woyera kunsapato. Ntchito yake inali kuthamanga motsata mzere, kuchenya womutchinga, n'kuponya mpira m'bokosi kuti wina amalize ndi mutu. Pa ntchito imeneyo ambiri timakumbukira Fischer Kondowe, Anong'a. Gabadinho Mhango ndi wa mtundu wina, ndipo luso lakelo linakhwimira ku Joni.

Gaba amaopsa kwambiri akayambira kumanzere, pomwe phazi lomwe amadalira ndi lamanja. Womutchinga amaganiza kuti mnyamatayu athawira kumzere, ndiye amatsamira komweko. Iye amangogwetsa phewa, n'kukokera mpira m'kati, ndipo golo yonse imakhala pamaso pake. Liwiro ali nalo, koma liwiro ali nalonso ambiri. Chomwe ine ndimachita nacho chidwi ndi kamphindi kaja amadzutsa mutu asanamenye, kuona pomwe goloboyi waima. Osewera ambiri am'mbali amathamanga chowerama, maso pa mpira, ndipo akafika pabwino amakhala atachedwa kale kuganiza.

Mu 2016 anapita ku Bidvest Wits, m'manja mwa Gavin Hunt, mphunzitsi wosanyengerera. Mu timu yotere wam'mbali sadikira mpira ali chiimire. Amabwerera kukathandiza otchinga kumbuyo, kenako n'kuthamanganso mtunda wonsewo. Wits inatenga ligi mu 2017, koyamba m'mbiri yake, Gaba ali momwemo.

Koma nyengo yake yeniyeni inali ku Orlando Pirates, komwe anafika mu 2019. Josef Zinnbauer atatenga timu kumapeto kwa chakacho, anamumasula kuti azisaka golo. Mu Januwale 2020 anamwetsa zigoli zitatu pa masewero amodzi ndi Polokwane City, ndipo pakutha pa ligi anali ndi zigoli 16, kulingana ndi Peter Shalulile wa Highlands Park. Amalawi a ku Joni, omwe nthawi zambiri amayenda chozemba m'mataxi, miyezi imeneyo anali ndi dzina lotchula mokweza.

Luso limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo sindibisa. Wolowera m'kati amamenya pomwe mnzake ali pabwino kuposa iye. Mpira ukalowa, bwalo limaimirira. Ukapita kumwamba kawiri katatu, mphunzitsi amayamba kumuona ngati wodzikonda. Kusewera kotere kumafuna munthu wokukhulupirira, wokupatsa masewero otsatizana kuti phazi lizolowere. M'zaka ziwiri zotsatira Gaba anathera nthawi yambiri pa benchi, ndipo ine ndimaona kuti Pirates inadziluza yokha.

Umboni unapezeka ku Cameroon, pa mpikisano wa mayiko a mu Africa. Munthu wosowa malo ku kilabu yake anamwetsa zigoli ziwiri Flames itagonjetsa Zimbabwe 2-1. Kenako pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, mphindi ya 7 pokumana ndi Morocco, analandira mpira chakumanzere, kutali kwambiri ndi golo, nadzutsa mutu. Goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, anali atasunthira kutsogolo. Mpira unamudutsa pamwamba n'kulowa. Ena amati unali mwayi, koma onaninso kanema wake: anayang'ana kaye, n'kumenya pomwe anayang'anapo. Morocco inabweza ndi kupambana 2-1 kudzera mwa En-Nesyri ndi Hakimi.

Atabwerera ku Joni, benchi inali ikumudikirabe. Chaka chomwecho Pirates inamulola kupita ku AmaZulu ya ku Durban.