Charlie Wilson's War: Nanga Eni Maliro Ali Kuti?

Sabata ino ndabwera ndi filimu, Charlie Wilson's War ya mu 2007, yomwe Mike Nichols anaikonza kuchokera m'buku la George Crile.

Nkhani yake inachitikadi. Mu Disembala 1979 asilikali a Soviet Union analowa m'dziko la Afghanistan. Charlie Wilson, phungu wa ku Texas wokonda mowa ndi akazi, anaganiza zothandiza mwachinsinsi a Mujahideen omwe ankalimbana nawo. Anagwirana manja ndi mayi wachuma Joanne Herring komanso kazitape wa CIA, Gust Avrakotos. M'filimumu ndalama zankhondoyo zikukwera kuchoka pa madola 5 miliyoni kufika pa 500 miliyoni, dziko la Saudi Arabia n'kumathiraponso zofanana.

Ndisaname, ndinaseka. Tom Hanks wamukhoza Wilson, koma amene waba mtima wanga ndi Philip Seymour Hoffman, Gust wopanda ulemu uja. Ine wa mumsika ndimadziwa kunenerera, ndiye pamene akuluakuluwa akukokera Israel, Egypt ndi Pakistan pa dili imodzi, kuti zida zisaoneke kuti zachokera ku America, ndinangoti eee, awa ndiye mavenda enieni.

Koma vuto langa lili pomwepo. Filimu yonse ndi ya oika mpamba. Anthu a ku Afghanistan, eni ake nkhondo, tikungowaona patali. Pamsasa wa othawa nkhondo ku Pakistan akutionetsa ana oduka manja, komatu kamera ikuthamangira pankhope ya Wilson kuti tione mmene zamukhudzira iyeyo. Mizinga ya Stinger itafika, akutiwerengera mahelikopita ogwetsedwa ngati momwe ine ndimawerengera zomwe ndagulitsa madzulo. Filimu itatha ndinayesa kukumbukira dzina la munthu mmodzi yekha wa ku Afghanistan. Ndinalephera.

Mbali yomwe ikanayenera kukhala mtima wa nkhani yabwera ngati banyira. Asilikali a Soviet atatuluka mu 1989, Wilson akupempha madola 1 miliyoni okha omangira sukulu, anzake omwe ankavomera mamiliyoni a zida akumukaniza. Mphindi zochepa basi, kenako tikumuona akulandira mphoto. Chonsecho zomwe zinatsatira tikuzidziwa: nkhondo yapachiweniweni, a Taliban kulanda Kabul mu 1996, ndiyeno America yemweyo kukamenyako nkhondo kuyambira 2001 mpaka 2021.

Ioneni ndithu, muphunzirapo mmene ndale za m'zipinda zimayendera. Koma kwa ife olemba ndikufunsa: ukamalemba za maliro, wopereka bokosi ndi amene akhale mwini nkhani, anamfedwa n'kungokhala chete pakona? Amene mwaionera, tandiuzani ngati ndaiweruza mopitirira.