Galimoto ya Kondi: Bukhu la Ana ndi Kusiyana kwa Mitundu ya Anthu

M'caka ca 1990 ku New York kunasindikizidwa kabukhu ka ana kolembedwa m'Cingerezi, koma kokhala ndi dzina la Cicewa, ndilo Galimoto. Anakalemba ndi Karen Lynn Williams, mai wa ku America amene anakhalapo m'Malawi, ndipo zithunzi zace anajambula ndi Catherine Stock. Aphunzitsi a ku America amawerengera ana kabukhuka pofuna kuwadziwitsa za anthu a maiko ena. Nkoyenera tsono kuti wophunzira nchito ya uphunzitsi akasanthule bwino, pakuti funso limene kadzutsa adzakomana nalo m'kalasi mwace: kodi mwana aphunzitsidwe bwanji za munthu wosiyana naye, kuti asamnyoze, ndiponso asangommvera cisoni?

Nkhani yace njacidule. Kondi, mnyamata wa zaka 7, afuna kupanga galimoto ya mawaya, koma mawaya ace ngocepa, ndipo mkulu wace Ufulu amseka. Tsiku lonse mnyamatayo ayendayenda m'mudzi. Asinthanitsa mpeni wace ndi mawaya a mnzace, apempha ena ku sitolo ndi ku cigayo, natola enanso pa dzala la okonza njinga, pamene anthu amuyesa mbala. Pofika madzulo galimoto yatha, ndipo anzace aiona ikuyenda.

Ubwino waukulu wa kabukhuka ndi wakuti mlembi sanaimike Kondi ngati cionetsero ca ana a ku Africa. Anampatsa cifuniro cacecace ndi nzeru zocikwaniritsira. Palibe mlendo wacifundo amene afika kudzampulumutsa. Bvuto lace alithetsa yekha, pothandizidwa ndi anthu a m'mudzi mwao. Mwana wa ku America sadziwa cigayo, koma kusekedwa ndi mkulu wako akudziwa, ndipo pamenepo ndi pamene agwirana canza ndi Kondi. Atatero, cigayo ndi zitenje za amai azilandira monga zinthu za kwao kwa bwenzi lace. Cotero kabukhuka kayamba ndi kufanana, kusiyana nkubwera pambuyo.

Komatu kali ndi popelewera pace. Sikanena kuti Kondi ngwa mtundu uti, kapena kuti makolo ace apemphera kuti. Wowerenga wakutali angayese kuti Amalawi onse ndi amodzimodzi, cilankhulo cimodzi ndi mwambo umodzi. Palinso ngozi yocokera kwa mphunzitsi wosasamala, amene angauze ana kuti Kondi apanga zidole za mawaya cifukwa ca umphawi basi. Akatero wasandutsa mmisiri kukhala wopemphetsa, ndipo ana aturuka m'kalasi ali ndi cisoni m'malo mwa ulemu.

M'caka comweco ca 1990, Rudine Sims Bishop wa ku Ohio State University anafanizira mabukhu a ana ndi kalilole ndiponso zenera: m'kalilole mwana adziona yekha, pa zenera aona anzace. Galimoto ndi zenera kwa mwana wa ku America, koma kwa mwana wa m'Malawi ndi kalilole. Mphunzitsi wa m'Malawi asaganize tsono kuti powerenga kabukhuka watha nchito. Mazenera amene ana ace awasowa kwambiri ndi oyang'ana pafupi. M'kalasi limodzi la ku Zomba kapena ku Lilongwe mungakhale Mcewa, Myao, Mlomwe, Msena ndi Mtumbuka; Mkristu ndi Msilamu; woyenda ndi ndodo ndi wa khungu la cialubino. Kuyambira m'caka ca 1968, pamene Cicewa cinasankhidwa kukhala cilankhulo ca pfuko lonse, Citumbuka nicicotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, ana ambiri anakula osawerengapo nkhani m'cilankhulo ca makolo ao, ndipo anzao Acewa anakula osaona ana oterowo m'bukhu.

Cifukwa cace muyeso umene Galimoto apereka uyenera kuikidwa pa bukhu liri lonse lonena za mwana wa mtundu wina. Kodi mwanayo ali ndi dzina ndi cinthu cimene acifunitsitsa? Kodi acitapo kanthu yekha, kapena angocitiridwa? Kodi mnzace wa mtundu womwewo, wokhala pa benci lakutsogolo, adzakweza mutu pomva nkhaniyo, kapena adzawerama ndi manyazi? Bukhu lolephera funso lacitatuli lisawerengedwe, ngakhale zithunzi zace zikongole cotani.

Pamene mabukhu otere asowa, mphunzitsi angathe kupempha ana kuti ali yense afotokoze cidole kapena sewero la kwao m'mau a kwao, iye nalemba nkhanizo ndi kuzisoka pamodzi. Akuru anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mai Williams anaona nkhani m'mawaya amene eni mudzi ankangowapitirira. Nkhani za Myao ndi Msena wa m'kalasi zidikira mphunzitsi wa maso otero.