Flames ikagwa, kodi mlandu ndi wa mphunzitsi yekha?

Pa 25 Januwale 2022, mumzinda wa Yaoundé, mpira utangoseweredwa mphindi zisanu ndi ziwiri, Gabadinho Mhango adaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atatayana ndi golo lake, ndipo adaumenya kuchokera kutali kwambiri mpaka udakagwera muukonde. Ambiri a ife tikukumbukabe phokoso la usiku umenewo m'nyumba zoonetsera mpira ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, tidagonja 2-1, koma palibe adagona ndi manyazi, pakuti aka kadali koyamba kuti Flames idutse ndime ya m'magulu mumpikisano wa Africa Cup of Nations. Patangotha miyezi khumi ndi inayi, mu Malichi 2023, Egypt idatithira zigoli zinayi kwa duu pabwalo lathu lomwe la Bingu ku Lilongwe. Mphunzitsi adali yemwe uja, Mario Marinica. Adachoka. Mpikisano wa 2023 tidauonera pakanema, wa 2025 chimodzimodzi.

Nthawi zonse timu ikagwa, mankhwala athu ndi amodzi: mphunzitsi achoke. Tisanavomereze kuti mankhwalawa ngochiritsa, tiyambe tafunsa kuti timu ya ku Cameroon ija idali ya yani. Amene adaipititsa kumeneko ndi Meke Mwase, pomwe tidagonjetsa Uganda 1-0 mu Malichi 2021 ndi chigoli cha Richard Mbulu. Mpikisano utayandikira, bungwe la FAM lidaika Marinica pamwamba pake. Kenaka Marinica adapezeka ndi Covid-19, ndipo Mwase ndiye adaima m'mbali mwa bwalo pomwe tidagonja 1-0 kwa Guinea komanso pomwe tidagonjetsa Zimbabwe 2-1. Marinica adabwerera pamasewero omwe tidalepherana ndi Senegal popanda chigoli. Mpaka lero ochemerera amakangana kuti ulemu upite kwa uti mwa awiriwa. Ife tikuona kuti mkanganowo umaphimba mfundo ziwiri zosakoma kumva. Yoyamba njakuti zigoli zonse zitatu zomwe Malawi idagoletsa mumpikisanowo adagoletsa munthu mmodzi, Mhango. Yachiwiri njakuti tidadutsa tili pa nambala yachitatu m'gulu lathu, mwayi umene udabwera chifukwa mpikisanowu udakulitsidwa kufika pa matimu 24. Timu yodalira mwendo wa munthu mmodzi siidayenera kutipatsa chitsimikizo choti tafika, kaya pabenchi padakhala yani.

Komabe tingalakwe kunena kuti mphunzitsi ndi chithunzi chabe. Mbiri yathu yomwe ingatitsutse. Mngelezi Stephen Constantine adatula pansi udindo mu Epulo 2008 timu ikungogonja. Kinnah Phiri adatenga pafupifupi anyamata omwewo, a Peter Mponda, a Joseph Kamwendo, a Esau Kanyenda ndi goloboyi Swadick Sanudi, ndipo m'miyezi yochepa adathira Djibouti 8-1, nagonjetsa Egypt, yomwe panthawiyo idali akatswiri a Africa, 1-0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto kwenikweni. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, timu yomweyo idachinya Algeria 3-0, Algeria yomwe miyezi isanu pambuyo pake idakasewera World Cup. Apa dzanja la mphunzitsi likuoneka poyera. Kinnah ankawadziwa anyamatawo, ankalankhula nawo m'chinenero chawo, ndipo iwo ankadziwa kuti amene akuwalamulayo adavalapo yunifomu yomweyo nagoletsa zigoli zomwe makolo awo ankazisimba. Mantha adachoka m'miyendo mwawo.

Funso nlakuti, nanga Kinnah yemweyo adaiwala mpira patangopita zaka ziwiri? Mu Okutobala 2011 ku N'Djamena tidalola Chad kubweza chigoli kumapeto, 2-2, mwayi wa 2012 nkutipulumuka. Chaka chotsatira Ghana idatitseka njira, ndipo mu Januwale 2013 Kinnah adachotsedwa. Nzeru zake zidali zomwe zija. Chidasintha ndi zaka za osewera: mbadwo umene udamunyamula udayamba kukalamba, ndipo kumbuyo kwake kudalibe gulu lina lofanana nalo loti lilowe m'malo. Mphunzitsi wabwino adakolola bwino munda umene adaupeza utacha. Kudzala wina sikudali m'manja mwake.

Chidatsatira ndi mdipiti. Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Nsanzurwimo Ramadhan, Ronny Van Geneugden: onsewa adakhalapo pampandowo pakati pa 2013 ndi 2019, akuda ndi azungu, akwathu ndi alendo, ndipo palibe adatifikitsa kumpikisano wa Africa. Pamainawa tiime pang'ono pa Saintfiet wa ku Belgium, chifukwa nkhani yake imaphunzitsa koposa enawo. Kuno adabwera mu 2013 kudzakonzekera masewero amodzi akuluakulu, a ku Calabar, komwe Nigeria idatigonjetsa 2-0, basi nkupita. Tidati ndi wolephera. Mu 2018 dziko la Gambia lidamulemba ntchito, lidamusunga, ndipo pampikisano womwe uja wa ku Cameroon adafikitsa Gambia, yomwe idali isadapiteko nkale lonse, mu ndime ya matimu asanu ndi atatu, kutiposa ife ndi sitepe imodzi. Munthu ndi yemweyo. Kusiyana kwake nkwakuti ku Gambia adapatsidwa zaka zoposa zitatu osati miyezi iwiri, ndipo adali ndi osewera ngati Musa Barrow wa ku Bologna ndi Omar Colley wa ku Sampdoria, omwe sabata ndi sabata ankalimbana ndi akatswiri a ligi ya ku Italy.

Tiyenera kumvetsa ntchito yeniyeni ya mphunzitsi wa timu ya dziko. Wa kalabu amakhala ndi osewera ake tsiku ndi tsiku, ndipo akasowa womwetsa zigoli amatha kukagula. Wa timu ya dziko amawaona masiku owerengeka, kangapo pachaka, pomwe makalabu awamasula. Ena amafika kutatsala masiku awiri, atatopa ndi ulendo. M'masiku amenewo akhoza kusankha anthu khumi ndi mmodzi oyenera, kuwaika m'malo mwawo, kuwauza momwe adani amasewerera, ndi kuwalimbitsa mtima. Zimenezi si zazing'ono, ndipo pamasewero olimba zimasiyanitsa kupambana ndi kugonja. Koma sangaphunzitse bambo wa zaka 27 kuimitsa mpira ndi mwendo wamanzere. Ife a kunyanja tili ndi chitsanzo pafupi. Pachilimira, siginala ndi munthu wofunika: amawerenga madzi ndi mphepo, amadziwa poyatsa nyali ndi nthawi yoponya khoka, ndipo maboti awiri ofanana akhoza kubwera wina wodzaza wina wopanda kanthu chifukwa cha iye. Koma pamene anthu akhala zaka akukokolola tiana ta nsomba ndi maukonde a udzudzu, mwini boti akhoza kusintha siginala mwezi uliwonse, usipa sudzachuluka.

Nsomba za Flames zimaswana kuti? Timu yomwe idatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, pansi pa Ted Powell, idachokera m'makalabu omwe makampani ankawasamala, monga Bata Bullets ndi ADMARC Tigers, ndiponso m'sukulu momwe masana a masewero adali mbali ya maphunziro. Wosewera ankakhala ndi ntchito pakampani, ankadya, ankachita masewero olimbitsa thupi mosadera nkhawa za lendi. Makampani ambiri a boma atafooka kapena kugulitsidwa, makalabu ena, monga MDC United, adazimirira, ena adatsala akupemphetsa. Lero mwana wa ku Makanjira kapena ku Chipoka amayamba ndi chikulunga pamchenga, ndipo luso amakhala nalo ndithu, tonse timaliona madzulo alionse. Koma amakula popanda womuongola. Akadzafika m'manja mwa mphunzitsi wodziwa ntchito amakhala atapitirira kale msinkhu umene anzake a kumaiko ena adaphunzira kuima pamalo, kuona mnzawo asadalandire mpira, ndi kudya moyenera. M'mera mpoyamba, ndipo ife m'merawo timausiya m'thengo. Ngakhale mabwalo enieniwo amatichititsa manyazi: mu 2021 masewero athu apakhomo a World Cup tidakasewerera pa Orlando Stadium ku Johannesburg, chifukwa kuno kudalibe bwalo lomwe CAF idavomereza.

Senegal, yomwe tidalepherana nayo ku Cameroon, ndiyo idatenga chikhocho milungu itatu isadathe. Anthu amatamanda Aliou Cissé, ndipo nkoyenera. Koma tikumbuke kuti adayamba ntchitoyo mu 2015, adagonja m'masewero omaliza a 2019 kwa Algeria, ndipo sadachotsedwe. Tikumbukenso kuti Sadio Mané adadzera kusukulu ya mpira ya Génération Foot, yomwe ili paubale ndi kalabu ya Metz ya ku France, pamene Idrissa Gueye adadzera ku Diambars. Cissé sadapange anthu amenewa. Adawalandira atapsa kale, ndipo vuto lake lidali losankha woti atsale pabenchi. Mphunzitsi wa Flames vuto lake limakhala lopeza woti alowe pamene mmodzi wavulala.

Nanga bwanji sitileka mankhwala osachiritsawa? Chifukwa ngotchipa ndipo amaoneka. Kuchotsa mphunzitsi kumafuna msonkhano umodzi ndi kalata imodzi, mawa lake nyuzipepala zalemba kuti akuluakulu achitapo kanthu. Kukhazikitsa ligi ya ana a zaka khumi ndi ziwiri m'maboma onse, kuphunzitsa aphunzitsi a mpira a m'sukulu za pulaimale, kulipira oimbira ndi kugula mipira chaka ndi chaka, zipatso zake zimadza patatha zaka khumi, pamene atsogoleri a mpira amasankhidwa pa zaka zinayi zilizonse. Ndani afuna kubzala mtengo woti mthunzi wake adzakhalepo ndi amene adamulanda mpando? Nafenso ochemerera tisadziyeretse. Timu ikagonja Loweruka, pofika Lolemba timakhala titadzaza mafoni pawailesi kufuna mutu wa munthu mmodzi, ndipo sitidamvepo wina akuimba kufunsa kuti timu ya ana osapitirira zaka 15 ya m'boma lake idasewera liti komaliza. Atsogoleri amatipatsa chimene tapempha.

Pali masewero awiri amene sitiwaiwala pankhaniyi. Kumayambiriro kwa Okutobala 2024, Senegal idasiyana ndi Cissé atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi, ndipo timu idasiyidwa m'manja mwa wogwirizira, Pape Thiaw, kutatsala masiku ochepa kuti ikumane ndi Malawi. Kukadakhala kuti mphunzitsi ndiye zonse, umenewo udali mwayi wathu. Pa 11 Okutobala kwawo adatichinya 4-0. Patatha masiku anayi, pabwalo la Bingu, anyamata athu adalimba mpaka mphindi zoonjezera, pomwe Mané adamenya firikiki nkugoletsa, 1-0. Mwezi womwewo usadathe, Patrick Mabedi adachotsedwa ntchito.