Luso la Bambo Kelly pa manambala a sukulu

Komboni ya Kalingalinga ndi yunivesite ya UNZA n'zoyandikana kwambiri, moti mwana akhoza kuyenda wapansi n'kukafika pageti thukuta lisanatuluke. Kuti mwana yemweyo adzakhale pansi m'kalasi mwa yunivesiteyo ndiye ulendo wautali, woposa wa ku Chipata. Pa anthu amene anayendetsapo sukulu yaikuluyi, ine ndimagoma ndi Bambo Michael Kelly, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, chifukwa moyo wawo wonse unathera pa kuyeza ulendo umenewu.

Anabadwira ku Tullamore m'dziko la Ireland mu 1929, nafika kuno mu 1955, dzikoli likadali Northern Rhodesia. Anaphunzitsa pa sukulu ya Canisius ku Chikuni, ndipo mu 1971 analowa pa UNZA. Kumeneko anatsogolera gawo losula aphunzitsi, kenako anakwera kukhala wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite yonse. Anatenganso unzika wa Zambia.

Maudindowo ndidutsapo msanga, pakuti mipando anthu amasinthana. Luso lawo linali pa kawerengedwe. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, aliyense ankaona kuti sukulu zikuvutika, koma ambiri ankangodandaula. Bambo Kelly anatenga mabuku a ndalama za boma a zaka khumi, kuchokera 1975 kufika 1985, n'kufunsa kuti ndalama yothera pa mwana mmodzi inali zingati chaka chino, nanga chaka chinacho? Buku lawo la Education in a Declining Economy, lomwe World Bank inasindikiza mu 1991, likuonetsa ana akuchuluka m'makalasi pomwe ndalama ya mwana aliyense ikufota. Yotsalayo inkathera pa malipiro, mabuku ndi zipangizo zophunzirira n'kusowa. Kholo la ku Chawama kapena ku George, limene mwana wake ankalowa masana anzake am'mawa ataweruka, linkazidziwa kale zimenezi. A Kelly anangozilemba m'njira yoti nduna isathe kuzikana.

Edzi itabwera, kawerengedwe kameneka kanafika pachimake. M'miyezi khumi yoyambirira ya 1998, aphunzitsi oposa 1,300 anamwalira mu Zambia. Ambiri ankaitenga ngati nkhani ya kuchipatala basi. M'kabuku kamene UNESCO inasindikiza mu 2000, Bambo Kelly anaimasula nkhaniyi ngati munthu womasula mtolo wa nkhuni, n'kusonyeza njira khumi zimene matendawa amagwetsera sukulu. Analembamo za mwana wosiya sukulu kuti adwazike mayi ake, za mphunzitsi amene dzina lili m'kaundula koma iye ali chigonere, za ndalama ya yunifolomu yothera pa mankhwala ndi pa maliro, ngakhalenso za mkulu wa ku ofesi ya maphunziro amene wapita ndi nzeru zake zonse. Nambala iliyonse ankaitsata mpaka ikafike pa benchi lopanda mwana.

Kenako anautembenuza mlanduwo, ndipo apa m'pamene ndimawavulira chipewa. Atafotokoza mmene Edzi ikudyera sukulu, anafunsa mmene sukulu ingalimbanirane ndi Edzi. Ankati maphunziro ndi katemera amene tili naye kale m'manja, makamaka kwa mtsikana, chifukwa akakhalitsa pasukulu amapeza mphamvu yokana ndi yodziteteza. Kwa wansembe, sizinali zophweka kulankhula poyera za kugonana, za nkhanza zimene amayi amakumana nazo, ndi za tsankho losala odwala. Iwo analankhula, mofatsa, umboni uli m'manja, osanyoza wodwala.

Ena adzati munthu wa maofesi sangadziwe za ku Kanyama. Ine ndikuti werengani kaye masamba a Bambo Kelly. Ana amasiye amene anadzaza sukulu zoyambitsidwa ndi anthu eni ake m'makomboni m'zaka za m'ma 1990 ndiwo amene iwo ankawawerengera malo pa mapulani a boma.

Mu 2006, boma la Ireland linayambitsa msonkhano wa pachaka wokamba za Edzi wotchedwa ndi dzina lawo. Bambo Kelly anamwalira ku Lusaka pa 15 January 2021, ali ndi zaka 91. Inu aphunzitsi a ku Matero ndi ku Mtendere, funani mabuku awo muwawerenge.