Chipongwe Choseŵera m'Chisipanishi ndi Malire a Lamulo la Leech

Akatswiri a chiyankhulo akhala akunena kuti kunyozana kwa abwenzi kumaloledwa chifukwa n'kwabodza. William Labov, pofufuza maseŵera otukwanizana a anyamata akuda a ku Harlem (1972), adaona kuti chitonzo chikakhudza zoona, nthabwala imasanduka mkangano. Geoffrey Leech (1983) adatsata njira yomweyo: wofuna kuonetsa chikondi amanena mwano umene aliyense akudziŵa kuti ngwonama. Ife tikuti lamuloli n'lopereŵera.

Taonani m'mene amuna okonda amuna anzawo amaitanirana m'Chisipanishi: marica kapena maricón ku Madrid, joto ku Mexico, ndiponso loca, ndiye kuti mkazi wamisala, liwu lothera ndi -a wosonyeza chachikazi ngakhale woitanidwayo ali mwamuna. Pa iwo mawu aŵa si bodza loonekeratu. Ndi maina amene adaŵapatsa adani awo, ndipo kumbuyo kwake kudali ndende. Ku Spain lamulo la 1954, ndi lina la 1970, adaŵaika m'gulu la anthu oopsa oyenera kutsekeredwa, mpaka ndimeyo idachotsedwa poyamba pa 1979. Malinga ndi Labov, liwu lotere liyenera kubutsa ndewu. Nanga bwanji limabala phwete?

Yankho lili mwa woyankhula, osati m'liwulo. Wonena marica kwa mnzake akuvomereza kuti nayenso dzinalo ndi lake, kuti mwala umene waponyawo udamugendapo kale. N'chifukwa chake Pedro Lemebel wa ku Chile adamanga zolemba zake pa loca, ndipo Paco Vidarte adatcha buku lake la 2007 Ética marica. Wapanja akatchula liwu lomwelo, ululu wake umabwerera wonse.

Pano mpamene Mcheŵa angathandize. A. R. Radcliffe-Brown (1940) adafotokoza za ubale wolola chipongwe, umene ife timaudziŵa m'chisuweni: msuweni angakunene zoona zoŵaŵa zimene mlendo sangayerekeze kutchula. Kusiyana kwake n'kwakuti chisuweni munthu amabadwa nacho, pamene anthu aŵa, ambiri atakanidwa ndi abale awo, amachita kuumba ubalewo ndi chipongwe chomwecho.

Choncho wofufuza asayambe ndi kufunsa ngati chitonzo n'choona. Ayambe wafunsa kuti pakati pa aŵiriwo, ndani angapwetekedwe nalo liwulo akatuluka pakhomo.